Chipwitikizi cha pa Lizulu

Akuluakulu akale, amene nzeru zawo timazikumbukira madzi atafika kale m'khosi, adanena kuti ukayenda siya phazi, pakuti ukasiya mlomo udzakupeza. Koma ine, pokhala munthu wosamva za anzake, ndinasiya mlomo wanga papepala ndi kusainira pansi pake ndi dzanja langa lamanja, ndipo taonani, mlomowo sunangondipeza ayi, wandigulira tikiti ya ndege, wandibayitsa majekeseni asanu ndi awiri, ndipo Lolemba likudzali ukundinyamula kunka nane ku dziko limene miyezi isanu yapitayo sindikadatha kuliloza pamapu ngakhale mukadandilonjeza ng'ombe ya mkaka.

Ndiyambe ndi kumene ndikhala, kuopa kuti owerenga angandiyese mpondamatiki. Nedlands ndi dera la mzinda wa Perth, kumadzulo kwa Australia, m'mbali mwa mtsinje wa Swan, umene eni nthaka, a mtundu wa Noongar, amautcha Derbarl Yerrigan. Ndipo dzina la deralo lidachokera kwa mnyamata wina, Edward Bruce, wotchedwa Ned kwawo, amene atate wake, msilikali wamkulu John Bruce, adagula malowa m'chaka cha 1854 namsungira, kotero kuti anthu ankangoti kumunda kwa Ned, monga ife tinenera kuti kwa Ganya kapena kwa Njolomole. Lero kumunda kwa Ned kulibe phesi la chimanga ngakhale limodzi. Kuli nyumba za madokotala ndi maloya, zipatala zikuluzikulu, yunivesite chapafupi pomwepo, ndi kapinga amene amamthirira, kumdyetsa feteleza ndi kummeta sabata ndi sabata popanda mbuzi yoti imudye. Ine ndimakhala kuseri kwa nyumba ya gogo wina wachizungu wamasiye, m'kanyumba kamene eni ake amakatchula ndi dzina laulemu koma kwathu tikadangoti boyizikota, ndipo ntchito yanga, zaka 14 tsopano, ndiyo kukonza mabedi ndi njinga za odwala pa chimodzi cha zipatalazo. Kuno kuli mwambo wakuti pa nyengo yoikika anthu amatulutsa katundu amene atopa naye namuunjika m'mphepete mwa msewu kuti galimoto ya khonsolo idzatole. Ndipo ndikakuululirani kuti mpando umene ndakhalira polemba zino, tebulo lake, ngakhale sutikesi imene ndikunyamula pa ulendowu, zonsezi ndinazitola mbandakucha a khonsolo asanadzuke, mudzadziwa kuti mukuwerenga munthu wa mtundu wanji.

Tsono kunali tsiku lina la Sabata, titatuluka m'mapemphero, pamene ndinaona pepala pakhoma lonena kuti bungwe lina likufuna anthu a luso la manja oti adzipereke kukathandiza m'maiko osauka kwa chaka chimodzi, ndi kuti ndege, nyumba ndi kandalama ka ndiwo, zonsezo nza bungwelo. Anzanga amene anaima nane powerenga anagwidwa chifundo. Ine ndinagwidwa masamu. Kwathu ndinapitako komaliza mu 2019, pakuti ulendo wochoka ku Perth, kuuluka maola 11 pamwamba pa madzi okhaokha kukatera ku Johannesburg, ndi kukweranso ina ya ku Lilongwe, umadya ndalama zoti munthu n'kufolera nazo nyumba ya malata. Ndipo ndinati mumtima mwanga, ngati afuna dziko losauka, adzalipeza kuti loposa lathu, ndipo ngati afuna munthu wolidziwa, adzampeza kuti woposa ine? Ndinadziona ndikutsika ndege ku Lumbadzi ndi tikiti ya eni ake, Lachisanu lililonse ndili pa minibasi ya ku Ntcheu, amayi akundiphera nkhuku, mudzi wonse ukunditcha munthu wachifundo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mafomu awo anali aatali ngati buku la Numeri, ndipo chapakati pake panali funso la zilankhulo. Ndinalemba Chichewa, ndipo sindinaname. Ndinalemba Chingerezi, ndipo ndinanama pang'ono. Ndinalemba Chingoni, chimene ife Angoni a kwa Gomani tidachisiya m'nyimbo za ngoma ndi m'maina a mafuko basi. Ndipo poona kuti patsala mzere umodzi wopanda kanthu, umene unandiyang'ana ngati mbale ya mlendo yosaikamo ndiwo, ndinalembapo Chipwitikizi. Amene adayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza adziwa kuti pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire, tsidya lino kabichi ndi mbatata ya kachewere ya Malawi, tsidya ilo Mozambique, kotero kuti nkhuku imatha kudya m'dziko lina ndi kukaikira m'dziko lina popanda pasipoti. Ndili mnyamata ndinkaoloka msewuwo kukagula buledi, ndipo kumeneko ndiko ndinatola Chipwitikizi changa chonse, ndicho bom dia, pão ndi obrigado, mawu okwanira kupereka moni, kugula buledi ndi kuthokoza, koma osakwanira kufunsa chenji. Nzeru yanga inali yakuti malo a ku Malawi akadzaza, andiponye ku Tete kapena ku Ulongwe, kumene munthu angathe kuzemba Loweruka n'kukadya nsima kwawo.

Kalata inafika mwezi wa February. Inayamba ndi kundiyamika chifukwa cha mtima wanga wopatsa, nipitiriza kunena kuti, poona luso langa la mabedi ndi njinga, makamaka poonanso kuti ndimalankhula Chipwitikizi, chinthu chosowa pakati pa amisiri a ku Australia, akondwera kunditumiza ku Dili, likulu la Timor-Leste. Ndinafunsa mayi a kunyumba ngati Dili ali kufupi ndi Quelimane. Mwana wathu wamkazi, amene akuphunzira pa University of Western Australia ndipo amakhulupirira kuti atate wake adabadwa chigumula chisanaphwe, anatsegula mapu pafoni, nayendetsa chala kuchoka ku Africa, kuoloka nyanja yonse ya India, kubwerera ku Australia komwe tili, kukwera kumpoto kupitirira Darwin, naima pa chilumba chooneka ngati ng'ona yogona, nati, "Adadi, ndi apa. Komanso si chonse, ndi theka lake." Anandiwerengera kuti Apwitikizi, amene ife timawadziwa ngati anthu a tsidya la msewu, adalamulira kumenekonso kufikira 1975, kuti atangochoka, Indonesia adalowa ndi nkhondo nakhalamo zaka 24, kuti anthu adavota mu 1999 kuti adzilamulire okha, nalandira ufulu wawo pa 20 May 2002, ndiye kuti mwana wanga wachisamba ndi wamkulu kuposa dzikolo, ndi kuti nduna yaikulu yawo yoyamba, Mari Alkatiri, idakhala zaka zambiri ku Mozambique pa nthawi ya nkhondoyo, chinthu chimene chinanditonthozako, poganiza kuti mwina nayonso idagulako buledi. Yona adathawa Nineve nakwera chombo cha ku Tarisi. Ine ndinkathawira kwathu kwenikweni, chinsomba n'kukandilavulira ku Dili.

Mayi a kunyumba sanachuluke mawu. "Abambo," anatero, akupukuta mbale, "si inu munkati Chipwitikizi mumachimwa ngati thobwa? Pitani mukamwe."

Chovuta koposa chinali kuwauza amalume, amene ndiwo mwini mbumba, ndipo nkhani ya ulendo singawadumphe. Tinalankhulana pa WhatsApp, pafoni ya mdzukulu wawo, iwo atakhala pansi pa mango, nkhope itadzaza foni yonse kupatula khutu limodzi.

"Nanga akulipira zingati kumeneko?"

"Salipira, amalume. Ndi ntchito yodzipereka, yongothandiza."

Anakhala chete nthawi yaitali, mwakuti ndinayesa mayunitsi atha. Kenaka anatsokomola, ndipo amalume akatsokomola motero ndiye kuti bwalo latsegulidwa. Anandikumbutsa kuti mawu akuti thangata poyamba anali mawu abwino, otanthauza kuthandizana kumunda, kufikira eni minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu adawasandutsa ntchito yaulere yolipirira malo okhala, imene idali pakati pa zinthu zoutsa John Chilembwe mu 1915. Kuti Mthandizi, amene ankatenga amuna kupita nawo ku minda ya ku Southern Rhodesia, nayenso dzina lake linali lokoma kumva. Ndi kuti chiyambire dziko, mawu akuti kuthandiza akatuluka m'kamwa mwa wolemba ntchito, wolembedwayo agwire thumba lake. "Ine, mwana wa mlongo wanga, Wenela adandipima chifuwa, adandibaya, adandikweza ndege kunka ku Joni, monga momwe akuchitira ndi iwemu, koma ndidabwerako ndi njinga, wailesi ndi suti. Iwe udzabwerako ndi chiyani?" Ndinayankha monga zidalembedwera m'kabuku ka bungwe, kuti ndidzabwerako ndi mtima wokhutira. Anati mtima wokhutira sugula feteleza, napempha kuti ndiwapatse foni mayi a kunyumba, awafunse ngati ndayamba kumwa.

Maphunziro okonzekera ulendo anatenga masiku atatu, ndipo ndinapitako monga m'busa apitira kukamvera ulaliki wa mwana wa Sande sukulu. Anayamba ndi mbiri, kutiuza kuti mwambo wotumiza odzipereka kuchokera ku Australia udayamba mu 1951, pamene mnyamata wa ku yunivesite ya Melbourne, Herb Feith, adapita ku Jakarta kukagwira ntchito m'boma la Indonesia pa malipiro ofanana ndi a eni dziko. Ndipo ndinalemba dzinalo kuti ndikawauze amalume kuti misala yanga ili ndi makolo ake. Kenaka anatiphunzitsa kuti madzi akumwa tiziyamba tawiritsa, kuti magetsi amatha kuzima osatsanzika, kuti munthu asayambe nkhani ya ntchito asanafunse za moyo wa pakhomo, kuti msonkhano wa 9 koloko umayamba anthu akafika, ndi kuti chakudya cha eni nyumba sachikana. Anzanga achizungu ankalemba zonsezi m'makope mwakhama ngati malamulo a pa Sinai. Ine, amene ndidawerengera mayeso a Sitandade 8 pa koloboyi mpaka mphuno kuda ndi mwaye, ndinakhala kumbuyo, manja nditapinda pachifuwa, ndikumwetulira.

Pakuti odziperekawa ife tidawadziwa kale, tili ku mbali yolandira. A Peace Corps a ku America adayamba kufika kwathu mu 1963, dziko lisanalandire ufulu. A VSO a ku Britain adalipo. A ku Japan adayamba mu 1971. Ndipo amayi mpaka lero amakumbukira Jack Allison, mnyamata wa Peace Corps amene nyimbo yake ya Ufa wa Mtedza idalira pa wailesi mpaka amayi a dziko lonse kuyamba kutsira nsinjiro m'phala la ana. Pa sekondale pathu tinali naye mmodzi wophunzitsa sayansi, munthu wofatsa, wa chipewa chachikulu ngati lichero, nsapato za zingwe zovalira masokosi, ndi botolo la madzi owiritsa limene sankasiyana nalo ngati khanda ndi bere. Nsima ankadya ndi foloko. Tsiku lina a mfumu atampatsa moni anayankha mokweza ndi mwaulemu wonse kuti, "Ndili bwino, kaya ine," ndipo ife anyamata tinaseka mpaka kugwa m'fumbi, tinamtcha dzina lomwelo la Kayaine, ndipo popita kumsika tinkamtsata pambuyo tikuyeserera kayendedwe kake. Sindinaganizepo ngakhale kamodzi kuti munthu uja, usiku woti mawa anyamuka kwawo, adakhalapo pabedi akuyang'ana sutikesi.

Kunyada kwanga kunayamba kusweka kwa dokotala. Ndinamuuza kuti malungo ndadwala kambiri kuposa Khirisimasi zimene ndadya, ndi kuti udzudzu umandidziwa ndi dzina. Iye anandiyankha mofatsa kuti mphamvu imene thupi limapeza polumidwalumidwa imatha munthu akakhala zaka zambiri kunja, kotero kuti magazi anga tsopano ndi a mwana wa ku Nedlands. Ndi kuti choopsa ku Dili ndi dengue, matenda a udzudzu woluma masana, umene neti ya usiku siudziwa n'komwe. Anandibaya wa tayifodi, wa chiwindi, wa chiwewe, ndi ena amene maina awo ndi aatali kuposa singano yake. Pa jekeseni wachitatu, ine mdzukulu wa ankhondo amene adaoloka Zambezi, ndinaona chipinda chikuzungulira, ndipo ndinatsitsimuka nditagona chagada, miyendo ili m'mwamba, namwino wa msinkhu wa mwana wanga akundipatsa switi. Pamwamba pa izo anandipatsa pepala loti ndilembe wilo ndi kutchula kumene mtembo wanga udzapite zinthu zikavuta; ndinalemba kuti ku Ntcheu, ndipo ndinazindikira kuti njira yokhayo yopezera tikiti yaulere ya kwathu, imene ndinkaifuna poyamba paja, ndi imeneyo.

Koma chimene chinandigwetsa kwenikweni ndi chimbudzi. Anatichenjeza kuti m'nyumba zambiri kumeneko chimbudzi n'chonjuta, ndi kuti kusamba n'kotunga madzi ndi kapu, natilangiza kuti tiyambiretu kuzolowetsa maondo. Anzanga anaseka mwamantha; ine ndinaseka mwaufumu. Usiku womwewo, pofuna kuonetsa banja langa kuti mwana wa mudzi saiwala, ndinaima pakati pa chipinda, ndinakweza buluku pang'ono, ndi kutsika. Kutsika ndinatsika ndithu, ngakhale maondo analira ngati nsungwi zouma pamoto; koma pofuna kudzuka ndinapeza kuti zaka 14 za chimbudzi chokhala ngati mpando wa bwana zidandilanda mwakachetechete cholowa cha makolo anga, ndipo ndinakhala pomwepo, wosakhoza kukwera, wosafuna kugwa, manja ali m'mwamba ngati Mose pa nkhondo ya Amaleki, kufikira mayi a kunyumba anandigwira mkono uwu, mwana mkono uwo, nandizula ngati chinangwa cha m'nthaka youma. Mwanayo analumbira kuti sanajambule. Azakhali ake a ku Balaka anandiimbira m'mawa mwake kufunsa za maondo.

Za kusamba ndinati ndichite ndekha, popanda mboni. Owerenga adziwe kuti July kuno ndi mwini chisanu, wa mvula ndi mphepo yochokera kunyanja, wosasiyana kwenikweni ndi June wa ku Dedza. Ndinadzuka nkhuku zisanalire, ngakhale kuno kulibe nkhuku yoti ilire, ndinatunga madzi a pampopi wa panja mu ndowa, ndinaima kuseri kwa kanyumba kathu pafupi ndi mtengo wa mandimu nditavala kabudula yekha, ndipo kapu yoyamba itatsikira pamsana ndinatulutsa mawu amene sindinadziwe kuti ali m'thupi mwanga, mawu a pakati pa nthungululu ndi kulira kwa mbuzi yogwidwa ndi fisi. Nyali za nyumba yaikulu zinayaka. Gogo uja anatuluka ndi tochi, kagalu kake kali patsogolo, nandiunika kuyambira kumutu kufikira kumapazi, nandifunsa ndi ulemu waukulu ngati umenewu ndi mwambo wa chipembedzo cha kwathu. Manyazi ndi mlangizi woipa: ndinavomera. Kuyambira tsiku limenelo gogoyo amadzuka m'mamawa kutsekera kagalu m'nyumba kuti kangasokoneze mapemphero anga, ndipo wauza anzake a mumsewu wathu, amene tsopano amandiweramira mutu tikakumana pa Broadway. Motero ndakhala ndikusamba madzi ozizira panja m'mawa uliwonse kwa masabata atatu, kuopa kukhumudwitsa chikhulupiriro cha nkhalamba. Dzulo lomweli ndi pamene mwana wanga wandiuza kuti ku Dili kumatentha chaka chonse ngati ku Nsanje, ndi kuti madzi ozizira kumeneko ndi madalitso osafuna kukonzekera.

Tsiku la mlandu wa Chipwitikizi linafika pamene bungwe linandipezera mphunzitsi wa ku Dili woti tizilankhulana pa kompyuta. Anali mayi wansangala, ndipo anandilonjera ndi mtsinje wa mawu umene ndinaimamo ngati chitsa. Ndinati bom dia. Anapitiriza. Ndinati obrigado. Anafunsa funso lalitali, nadikira. Ndipo ine, poona kuti m'nkhokwe mwatsala chitsononkho chimodzi, ndinati pão. Mayiyo anaseka mpaka kuchoka pa kompyuta, ndipo atabwerera akupukuta misozi anandiuza m'Chingerezi kuti ndisade nkhawa, pakuti ngakhale Chipwitikizi chili chilankhulo cha boma pamodzi ndi Tetum, mumsika ndi m'minibasi, zimene iwo amazitcha mikrolet, anthu amalankhula Tetum, ndipo bom dia ndi obrigado zilimonso m'menemo, zongosintha pang'ono katchulidwe. Ndiye kuti bodza langa linali lopanda ntchito kuyambira pachiyambi. Linangogwira ntchito imodzi yokha, yondichotsa pa njira ya kwathu.

Mayiyo wandiphunzitsa zambiri zondikhazika mtima pansi: kuti chimanga amalima ndipo amachitcha batar, kuti chinangwa ndi maungu ziliko, kuti mwamuna wamkulu amamuitana maun, ndiye kuti achimwene, ndi kuti pokumana panjira amafunsana kumene munthu akupita, monga kwathu. Chimodzi chokha chinandiimitsa tsitsi. Anati anthu ambiri kumeneko amalemekeza ng'ona naitcha agogo, pakuti nthano yawo imati chilumba chonsecho ndi thupi la ng'ona imene idakalamba nisanduka nthaka. Ine ndidaona ng'ona za mu Shire pa Liwonde, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inkaoneka ngati ikudziwa chibale. Komabe ndalonjeza kuti ndikakumana nayo ndidzaipatsa ulemu wonse woyenera agogo, ndili pamwamba pa phiri. Pomaliza ndinamufunsa kuti ana a kumeneko akandiona adzati chiyani, pakuti ine si mzungu. Anati adzanditcha malae, ndiwo mawu awo a mlendo aliyense wochokera kunja, woyera kapena wakuda, ndipo adzanditsata pambuyo akufuula, koma ndisakwiye, ndi ana.

Usiku wathawu tinalongedza. Anatiloleza makilogalamu 30, ndipo ine ndinayamba ndi ufa wa ku Joni wa makilogalamu 10 ndi mthiko. Mayi a kunyumba anatulutsa ufawo, nati munthu sanyamula chimanga popita kwa olima chimanga, naikamo m'malo mwake masipanala anga, sefa ya madzi, mapiritsi a m'mimba, mafuta othamangitsa udzudzu ndi mafuta ena oteteza khungu ku dzuwa, amene ndinawakana katatu iwo nawabwezeramo katatu. Mthiko ndinaumenyera nkhondo ndipo watsala. Tili pakati pa zimenezi gogo uja anagogoda, atanyamula mphatso yokulunga bwino: chipewa cha malemu amuna ake, chachikulu ngati lichero, chimene anati chidzanditeteza pa mapemphero anga a m'mawa. Nsapato za zingwe anandigulira ndi mwana wanga, ndipo popeza kunkazizira ndinaziyesa osavula masokosi. Ndinavala chipewa, ndinatenga botolo la madzi kuti ndione ngati likwana m'thumba la pambali, ndi kutembenukira ku kalilole wa pachitseko.

Mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali kuchokera pabedi pamene anakhala, dzanja lili pakamwa, mapewa akugwedezeka. Kenaka anadzuka, nagwada pang'ono monga achitira mkazi wolandira mlendo wolemekezeka, nati, "Takulandirani, azungu. Muli bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwadzudzule, koma mwana wathu anandiyankhira ali kukhitchini, pakuti nkhani ya mphunzitsi uja ndidawasimbira kambirimbiri ndikuseka: "Ali bwino, kaya iwo."

Foloko ndaiika m'thumba la m'kati, pansi pa masokosi, pamene sangaione.